Mafunso a Owerenga: Tebulo tinaligawa, nanga bwanji query ikuchedwabe?

Makalata a mwezi uno akuzungulira pa nkhani imodzi: matebulo akuluakulu ogawidwa m'zigawo mu PostgreSQL, pulogalamu yosungira deta (database), ndi ma index ake, amene amathandiza kupeza mizere mwachangu osawerenga tebulo lonse. Mayankho onse akunena za mtundu wa 11 kupita m'tsogolo, ndipo pamene nambala ya mtundu ikusintha yankho, taitchula.

FUNSO: Tili ndi tebulo la malipiro la mizere pafupifupi 180 miliyoni. Tinaligawa pa column ya nthawi, mwezi uliwonse chigawo chake, zonse pamodzi 36. Pa column ya akaunti pali index. Koma kufufuza malipiro a akaunti imodzi kukuchedwa kuposa mmene kunalili tisanagawe. Talakwitsa pati? Wowerenga wa ku Lilongwe.

YANKHO: Kugawako sikunalakwike, koma mukuyembekezera chinthu chimene kugawa sikupereka. Mu PostgreSQL mulibe index imodzi yokuta tebulo lonse logawidwa. Oracle ili nayo, yotchedwa global index, koma kuno kulibe. Tebulo la pamwamba lija silisunga mzere ngakhale umodzi, ndipo mukalemba CREATE INDEX pa ilo, chigawo chilichonse chimalandira index yakeyake. Choncho inu muli ndi ma index 36.

Tsopano onani query yanu, lamulo limene mumatumiza ku database pofufuza:

SELECT * FROM malipiro WHERE akaunti = 40417;

Palibe chouza database kuti malipirowo ali m'mwezi uti, ndiye imagogoda pa makomo onse 36. Tiwerengere limodzi. Index ya B-tree ya mizere 180 miliyoni imakhala ndi misinkhu pafupifupi 4, kutanthauza masamba 4 a 8 kB kuti mufike pa akaunti yanu. Index ya chigawo cha mizere 5 miliyoni ili ndi misinkhu pafupifupi 3. Koma 3 kuchulukitsa ndi 36 ndi masamba 108, ndipo apa simunatenge mzere ndi umodzi womwe. Zili ngati kalaliki amene kale anali ndi kaundula mmodzi wamkulu, pano ali ndi mabuku 36 a mwezi ndi mwezi, ndipo mwamupatsa dzina popanda tsiku.

Mankhwala oyamba ndi kuika nthawi mu query:

SELECT * FROM malipiro WHERE akaunti = 40417 AND nthawi >= '2025-03-01' AND nthawi < '2025-06-01';

Apa planner, mbali ya PostgreSQL yokonza njira yoyendetsera query (plan), imayerekeza masikuwa ndi malire a zigawo, n'kusiya zigawo 33 osazikhudza n'komwe. Izi ndi zimene amazitcha partition pruning. Dziwani kuti pruning sidalira index ayi, imangoyang'ana malire amene munalemba popanga zigawo. Ntchito ya index imayamba pambuyo pake, mkati mwa zigawo zitatu zotsalazo.

Mankhwala achiwiri ndi index yoyenera mkatimo: (akaunti, nthawi), column ya chizindikiro cha = patsogolo, ya >= ndi < pambuyo. Mukatembenuza n'kulemba (nthawi, akaunti), database idzayenda m'index ya mwezi wonse kusakasaka akaunti imodzi, chifukwa malipiro a akauntiyo amwazikana m'masiku onse. Ena angakuuzeni kuti PostgreSQL 18 inabwera ndi skip scan. Inde, koma imathandiza pamene column yoyamba ili ndi zinthu zochepa zosiyana, monga chigawo cha dziko, osati nthawi imene imasintha sekondi iliyonse.

Musangokhulupirira ife. Lembani EXPLAIN (ANALYZE, BUFFERS) patsogolo pa query kuti muone mmene database yaiyendetsera, muwerenge mizere imene ili pansi pa liwu lakuti Append. Ikakhala 36, pruning sinachitike. Yerekezaninso manambala a shared hit ndi read, oonetsa masamba amene query yawerenga, musanasinthe ndi mutasintha, chifukwa masekondi amanama: query yachiwiri imapeza masamba ali kale mu memory.

Koma ngati ma query anu ambiri amafunadi akaunti popanda tsiku, kunena zoona munagawa pa column yolakwika. PARTITION BY HASH (akaunti) ingaike malipiro onse a akaunti imodzi m'chigawo chimodzi. Mtengo wake ndi wakuti mudzataya mwayi wochotsa mwezi wakale ndi lamulo limodzi, umene kwa ambiri ndiwo unali cholinga chogawira.

FUNSO: Tsiku ndimaliika ndithu: WHERE nthawi::date = '2025-03-14'. Komabe EXPLAIN ikuonetsa zigawo zonse. Wowerenga wa ku Mzuzu.

YANKHO: Vuto ndi ::date ameneyo. Malire a zigawo analembedwa pa column ya nthawi ili yokhayokha. Mukaikulunga mu china chake, kaya ::date, date_trunc, extract kapena to_char, planner sithanso kuyerekeza ndi malire, ndipo index ya pa nthawi nayo imakhala yopanda ntchito. Column muisiye yosavala kanthu, masamu onse apite mbali inayo:

WHERE nthawi >= '2025-03-14 00:00+02' AND nthawi < '2025-03-15 00:00+02'

Pewaninso BETWEEN pa nthawi. Imatenga malire onse awiri, pomwe chigawo cha RANGE chimatenga malire a FROM n'kusiya a TO. BETWEEN '2025-03-01' AND '2025-04-01' imatsegula chigawo cha Epulo chifukwa cha kamphindi kamodzi ka pakati pa usiku, ndipo malipiro ochitika pa kamphindiko amawerengedwa m'malipoti a miyezi iwiri.

Onetsetsani +02 amene talembayo. Ngati column yanu ndi timestamptz ndipo amene anapanga zigawo analemba FROM ('2025-03-01') seva ili pa UTC, ndiye kuti chigawo cha Malichi chimayamba 2 koloko usiku nthawi ya ku Malawi. Malipiro a pakati pa 00:00 ndi 02:00 pa 1 Malichi ali m'chigawo cha Febuluwale. Query yolembedwa bwino idzabweretsabe mayankho olondola, kungoti idzatsegula zigawo ziwiri. Ngozi imabwera tsiku limene wina adzachotse chigawo cha Febuluwale poganiza kuti mulibe za Malichi. Popeza nthawi ya kuno sisintha ndi nyengo, lembani malire ndi +02 kuyambira pachiyambi, kapena SET TimeZone = 'Africa/Blantyre' musanapange zigawo. Kuti muone malire enieni a zigawo zomwe zilipo kale, \d+ malipiro mu psql imawaonetsa.

Nanga nthawi >= now() - interval '7 days'? Imeneyi ili bwino. Pruning imachitika query ikamayamba kuyenda, osati pokonza plan, ndipo mu EXPLAIN mudzaona Subplans Removed ndi chiwerengero cha zigawo zosiyidwa. Tsiku likamachokera mu subquery kapena mu nested loop, zigawo zodumphidwa zimaoneka ndi mawu akuti never executed. Koma tsiku likamachokera ku tebulo lina kudzera mu hash join, pruning kulibe. Pamenepo bwerezani malire a masiku pa tebulo logawidwalo mwachindunji, ngakhale zikuoneka ngati kubwereza zopanda pake.

FUNSO: Ndikufuna kuwonjezera index pa tebulo logawidwa limene limalandira malipiro usana ndi usiku. CREATE INDEX CONCURRENTLY ikukana. Ndichite bwanji osaimitsa ntchito? Wowerenga wa ku Blantyre.

YANKHO: Ikukanadi: CONCURRENTLY, liwu lomanga index osatseka kulemba mu tebulo, siloledwa pa tebulo la pamwamba. Ndipo musayese kuchotsa liwulo n'kuyendetsa CREATE INDEX wamba, chifukwa imatseka INSERT, UPDATE ndi DELETE pa zigawo zonse mpaka index yomaliza itamangidwa. Njira yake ndi ya masitepe atatu.

Choyamba, pangani index ya pamwamba pokha:

CREATE INDEX malipiro_ak_nt ON ONLY malipiro (akaunti, nthawi);

Liwu lakuti ONLY limachititsa kuti isatsikire m'zigawo. Imatha m'kanthawi kochepa ndipo imalembedwa kuti INVALID, zimene pano sizodetsa nkhawa. Chachiwiri, mangani index pa chigawo chilichonse, chimodzichimodzi:

CREATE INDEX CONCURRENTLY malipiro_2025_03_ak_nt ON malipiro_2025_03 (akaunti, nthawi);

Chachitatu, lumikizani:

ALTER INDEX malipiro_ak_nt ATTACH PARTITION malipiro_2025_03_ak_nt;

Chigawo chomaliza chikalumikizidwa, index ya pamwamba imasanduka yovomerezeka yokha. Ikakhalabe INVALID, pali chigawo chimene mwaiwala, ndipo kawirikawiri chimakhala cha DEFAULT, cholandira mizere yosowa chigawo chake. Zigawo zatsopano zimene mungapange ndi PARTITION OF pambuyo pa sitepe yoyamba zimalandira index yawo zokha.

Zolakwika zimachitikira pa sitepe yachiwiri. CONCURRENTLY siyenda mkati mwa BEGIN ndi COMMIT, ndipo zida zambiri za migration zimakulunga chilichonse mu transaction, choncho muziuze kuti pano zisatero. Imadikiranso ma transaction akale kuti athe. Munthu mmodzi wosiya psql ili idle in transaction n'kupita ku nkhomaliro akhoza kukuimitsani ola lathunthu. Mumupeze mu pg_stat_activity, ndipo mmene ntchito ikuyendera muone mu pg_stat_progress_create_index, imene ilipo kuyambira mtundu wa 12. Kumanga kukalephera pakati, pamatsala index ya INVALID imene ma query saigwiritsa ntchito koma ikhoza kumadyabe nthawi pa INSERT iliyonse. Ipezeni motere:

SELECT indexrelid::regclass FROM pg_index WHERE NOT indisvalid;

Ichotseni ndi DROP INDEX CONCURRENTLY, muyambirenso. Chitani zimenezi musanalumikize, chifukwa index yolumikizidwa sichotsedwa payokha, imachoka pamodzi ndi ya pamwamba.

Zinthu ziwiri zazing'ono zimapulumutsa usiku wanu. Kwezani maintenance_work_mem mu session yanu yokha, kuchoka pa 64MB kufika mwina 1GB ngati seva ili ndi memory yokwanira. Ndipo musanayendetse sitepe yoyamba ndi yachitatu, lembani SET lock_timeout = '3s'. Malamulo awiriwa ndi achangu, koma akakhala pa mzere kudikira lock, aliyense wobwera pambuyo pake amaima nawo. Ndi bwino alephere, mubwerezenso.

Mudzifunsenso ngati zigawo zonse zikufunadi index imeneyi. Ngati ndi ya query yoyang'ana miyezi itatu yapitayi basi, mukhoza kuimanga pa zigawo zitatuzo mwachindunji, osapanga ya pamwamba. Kungoti mwezi uliwonse mudzayenera kukumbukira kuimanga pa chigawo chatsopano.

FUNSO: Nambala ya lisiti siyenera kubwerezedwa, koma UNIQUE (lisiti) ikukanidwa pa tebulo logawidwa. Wowerenga wa ku Zomba.

YANKHO: Chifukwa chake ndi chomwe chija: index iliyonse imangodziwa za chigawo chake, siingadziwe kuti lisiti ya mu Juni ilinso mu Malichi. N'chifukwa chake PRIMARY KEY kapena UNIQUE iyenera kukhala ndi column yogawira. MySQL ilinso ndi lamulo lomweli. Ambiri amangolemba UNIQUE (lisiti, nthawi) n'kupuma, koma imeneyo siteteza kanthu: lisiti yomweyo ikabweranso patapita sekondi imodzi idzalowa bwinobwino.

Pangani tebulo laling'ono losagawidwa, malisiti, la ma column awiri: lisiti ngati PRIMARY KEY, ndi nthawi. Lembanimo mu transaction imodzi ndi tebulo lalikulu. Lisiti yobwerezedwa idzakanidwa pamenepo. Phindu lina ndi lakuti tebuloli limakuuzani mwezi:

WHERE lisiti = 'A7731' AND nthawi = (SELECT nthawi FROM malisiti WHERE lisiti = 'A7731')

Chigawo chimodzi chokha ndi chimene chidzawerengedwe.

FUNSO: Pruning ikuchitika, index ilipo, koma ndikuona Seq Scan, kuwerenga mizere yonse motsatana, pa chigawo. Kodi index yanga yawonongeka? Wowerenga wa ku Chipata.

YANKHO: Mwina ayi, ndipo mwina planner ikunena zoona. Ngati query ikufuna gawo lalikulu la mwezi, kuwerenga chigawo chonse motsatana n'kwachangu kuposa kudumphadumpha kudzera mu index. Lipoti la mwezi wathunthu silifuna index n'komwe, pruning yagwira kale ntchito yonse.

Kuti mudziwe, yerekezani manambala awiri pa mzere wa Seq Scan: rows yoyamba ndi imene planner inaganiza, rows ya pambuyo pa actual ndi imene inapezekadi. Akasiyana maulendo mazanamazana, statistics, ziwerengero za zimene zili mu tebulo zomwe planner imadalira, zakalamba. Izi zimachitika makamaka mukangothira mizere yambiri nthawi imodzi, ndipo ANALYZE pa chigawocho imakonza. Palinso msampha umene ambiri saudziwa: autovacuum, ntchito yosamalira matebulo imene imayenda yokha, imayendetsa ANALYZE pa zigawo, koma osati pa tebulo la pamwamba. Statistics za pamwambazo ndi zimene planner imadalira poyerekeza ma join ndi GROUP BY. Yendetsani ANALYZE malipiro pamanja kapena ndi cron, makamaka pambuyo pothira deta yambiri. Imadutsa m'zigawo zonse, choncho sankhani nthawi ya phee. Mu mtundu wa 18 muli ANALYZE ONLY yokhudza pamwamba pokha.

Manambala akagwirizana koma Rows Removed by Filter ndi yaikulu, werengani mzere wa Filter mosamala. Mukaona (akaunti)::numeric, pulogalamu yanu ikutumiza nambala ya mtundu wa numeric pomwe column ndi bigint, monga zimachitikira ndi BigDecimal mu Java. Database imasandutsa column kuti ifanane, ndipo index imagwa. Konzani mtundu ku pulogalamu.

Chotsala ndi random_page_cost, mtengo umene planner imaika pa kuwerenga tsamba modumphadumpha. Imabwera ili 4.0, nambala ya nthawi ya ma disiki ozungulira, pomwe seq_page_cost ndi 1.0. Pa SSD anthu ambiri amaitsitsa kufika pafupi ndi 1.1, ndipo planner imasiya kuopa index. Yesani ndi SET mu session kaye. SET enable_seqscan = off ndi yoyesera basi, kuti muone ngati index ikanathandizadi. Musaisiye m'mafayilo a seva.

Ngati lipoti limangofuna ma column ochepa, index ya (akaunti, nthawi) INCLUDE (ndalama) ingayankhe osakhudza tebulo. Mu EXPLAIN imatchedwa Index Only Scan. Yang'anani Heap Fetches pansi pake. Ikakhala yaikulu, visibility map, kaundula wa masamba amene safunika kuyang'anidwanso mu tebulo, yatsalira, ndipo VACUUM pa chigawocho ndiyo mankhwala. Mitundu ya pansi pa 13 sinkadzutsa autovacuum ya tsiku ndi tsiku pa tebulo longolandira INSERT, choncho kumeneko vutoli ndi lofala. Mwezi ukatha, VACUUM ANALYZE kamodzi pa chigawo chotsekedwacho imakwana.

FUNSO: Pulogalamu yathu imaonetsa malipiro 20 omaliza a akaunti, popanda malire a masiku. Kodi pamenepa tingapewe bwanji zigawo zonse? Wowerenga wa ku Johannesburg.

YANKHO: Apa muli ndi mwayi. Kuyambira mtundu wa 12, ORDER BY nthawi DESC LIMIT 20 pa tebulo logawidwa ndi RANGE pa nthawi yomweyo imayamba ndi chigawo chatsopano, n'kubwerera m'mbuyo, ndipo ikakwanitsa mizere 20 imaima. Index ya (akaunti, nthawi) ikukwana, B-tree imawerengeka chambuyo popanda vuto. Mu EXPLAIN mudzaona Append, zigawo zakale zili never executed.

Mukaona Merge Append, zigawo zonse zikutsegulidwa. Zoyambitsa zake zofala ndi ziwiri: mukusanja ndi id m'malo mwa nthawi, kapena muli ndi chigawo cha DEFAULT, chimene chingakhale ndi tsiku lililonse moti database siingadziwe malo ake pa mndandanda. DEFAULT ili ndi vuto linanso: popanga chigawo chatsopano imawerengedwa yonse, ndipo mukapezeka mzere wa mwezi umenewo, kupangako kumalephera. Ife timakonda kupanga zigawo miyezi itatu pasadakhale, ndi cron kapena pg_partman, kusiyana ndi kudalira DEFAULT.

Pa tsamba lachiwiri musagwiritse OFFSET. Tumizani nthawi ya mzere womaliza: AND nthawi < nthawi imeneyo. Zigawo za pambuyo pake zimadulidwa nthawi yomweyo.

FUNSO: Tinagawa tsiku ndi tsiku, zaka zitatu, chigawo chilichonse ma index asanu. Nthawi zina timalandira out of shared memory, ndipo Planning Time imaposa Execution Time. Wowerenga wa ku Lilongwe.

YANKHO: Zaka zitatu ndi zigawo pafupifupi 1,095. Chigawo chilichonse chimene sichinadulidwe pokonza plan chimatenga lock, ndipo ma index ake onse asanu amatenganso, ngakhale amene sagwiritsidwa ntchito. Query imodzi yopanda tsiku imatenga ma lock 6,570. Malo osungira ma lock ndi amodzi a seva yonse, ndipo kukula kwake kumachokera pa max_locks_per_transaction, imene imabwera ili 64, kuchulukitsa ndi chiwerengero cha ma connection ololedwa. Ma query angapo otere akakumana, malo amatha. Mukhoza kukweza nambalayo, koma pamafunika kuzimitsa ndi kuyatsanso seva, ndipo mwangokulitsa nkhokwe, njovu ikadali m'munda.

Ngakhale malo asanathe, kuchedwa kumayamba kale. Mpaka mtundu wa 17, connection iliyonse ili ndi malo 16 okha a ma lock achangu. Zigawo zitatu za ma index asanu zapitirira kale. Otsalawo amapita ku malo a onse, ndipo pa nthawi yotanganidwa mudzaona ma session akudikira LockManager (lock_manager pa mitundu ya pansi pa 13) mu pg_stat_activity.

Samalaninso ndi ma prepared statement, ma query okonzedwa kamodzi n'kumayendetsedwa mobwerezabwereza. Maulendo asanu oyamba PostgreSQL imakonza plan ndi masiku enieni amene mwatumiza. Pambuyo pake ikhoza kusankha generic plan, imene imatenga ma lock pa zigawo zonse kaye n'kudula pambuyo. Query imene inali yachangu n'kuyamba kuchedwa paulendo wachisanu ndi chimodzi, kayikirani zimenezi. SET plan_cache_mode = force_custom_plan pa role ya pulogalamuyo imathetsa, kuyambira mtundu wa 12.

Koma ntchito yeniyeni ndi kuchepetsa manambala awiri aja, zigawo ndi ma index. Phatikizani masiku akale akhale miyezi, zigawo zitsike kufika pafupifupi 36. Kenako onani idx_scan, maulendo amene index yagwiritsidwa ntchito, mu pg_stat_user_indexes, imene imaonetsa index ya chigawo chilichonse payokha. Imene ili pa 0 kwa miyezi ingapo ichoke, mutaona kaye ngati ma replica saigwiritsa ntchito, chifukwa seva iliyonse imawerenga zake. Kumbukirani kuti index yolumikizidwa imachoka pamodzi ndi ya pamwamba basi. Pa zigawo zakale zimene mizere inalowa motsata nthawi, B-tree ya pa nthawi yokha, imene pa mizere 5 miliyoni imadya pafupifupi 100 MB, ingalowedwe m'malo ndi index ya mtundu wa BRIN. Iyo imangosunga nthawi yaing'ono ndi yaikulu ya masamba 128 aliwonse, amene ndi 1 MB ya tebulo, moti yonse siifika ngakhale 1 MB. Ngati mizere inasokonekera ndi ma UPDATE ambiri, BRIN siithandiza. Onani correlation ya column ya nthawi mu pg_stats, ikhale pafupi ndi 1.

Zigawo zopitirira nthawi imene malamulo a kuntchito kwanu amafuna muzichotse ndi ALTER TABLE malipiro DETACH PARTITION dzina_la_chigawo CONCURRENTLY. Imeneyi ilipo kuyambira mtundu wa 14, siyenda mkati mwa transaction, ndipo imakana ngati tebulo lili ndi chigawo cha DEFAULT.